Kodi akazi anga ndi oumira, kapena ndine amene ndikumwaza ndalama?

Bambo wina wa ku Lilongwe walemba motere: "Ndine woyamba kubadwa, ndipo kwathu ku Dowa ndine ndekha amene ndili pa ntchito yolandira pamwezi. Ndimalipirira fizi ana awiri a mlongo wanga, ndimagulira amayi feteleza, ndipo kukagwa maliro foni yoyamba kulira ndi yanga. Akazi anga akuti ndikumwaza ndalama pamene nyumba yathu inaima pa mawindo ndipo tikadali pa lendi ndi ana atatu. Tsopano ndimatumiza mobisa. Kodi akazi angawa ndi oumira, alibe umunthu? Nanga zimatheka bwanji kuti anthu opemphera mpingo umodzi asiyane chonchi pa nkhani yothandiza abale?"

Bambo, zikomo chifukwa cholemba mosabisa mawu. Ndikuyankheni mosazungulira: pa zimene mwafotokozazi sindikuonapo munthu woumira, ndipo sindikuonaponso munthu womwaza ndalama. Ndikuona anthu awiri amene aliyense akuteteza chinthu chabwino, koma thumba ndi limodzi. Mutawafunsa akazi anu ngati amayi anu ayenera kulima ndi feteleza, avomera. Iwo atakufunsani ngati ana anu ayenera kugona m'nyumba yawoyawo, muvomeranso. Mwasiyana pa funso limodzi lokha, lakuti ndalama zikachepa chiyambe n'chiti. Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa anthu pa khalidwe, ngakhale obadwa mimba imodzi.

Akatswiri a maganizo ndi khalidwe la munthu akhala akuifufuza nkhaniyi kwa nthawi yaitali. Mu 1973, Milton Rokeach wa ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wake wa zinthu zimene anthu amaziona kuti n'zofunika pa moyo. Anazigawa pawiri. Gulu loyamba linali la zinthu 18 zimene munthu amalakalaka moyo wake utafikapo, monga ufulu, mtendere wa mumtima, chitetezo cha banja, nzeru, chipulumutso ndi kupatsidwa ulemu ndi anthu. Gulu lachiwiri linali la makhalidwe 18 amene munthu amayendera kuti akafike kumeneko, monga kunena zoona, kumvera, kukhululuka, kudziletsa, kulimba mtima ndi kuthandiza ena. Rokeach sankafunsa munthu kuti, kodi ufulu ndi wofunika? Aliyense akanangoti inde. Ankamupatsa zonse 18 n'kumuuza kuti azindandalike, chofunika kwambiri pamwamba, chotsatira pansi pake, mpaka chomaliza. Apa m'pamene anthu ankasiyanirana. Mnzako amene umaona ngati mumagwirizana pa chilichonse amapezeka waika pa nambala 3 chimene iwe waika pa nambala 12.

Ndondomeko imeneyi siioneka tsiku lililonse. Mwezi umene ndalama zakwanira simenti ndi fizi yomwe, palibe angadziwe chimene mumaika patsogolo, ngakhale inu eni ake. Imaonekera tsiku limene malipiro alowa, landilodi akudikira pakhomo, ndipo uthenga wafika kuti mwana wabwezedwa kusukulu.

Amene anaipititsa patsogolo ntchitoyi ndi Shalom Schwartz wa pa Hebrew University ku Jerusalem. Mu 1992 anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu m'mayiko 20, ambiri mwa iwo aphunzitsi ndi ophunzira a ku yunivesite, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mafunso ake afunsidwa m'mayiko enanso ambirimbiri. Anapeza kuti zimene anthu amazitenga kukhala zofunika zimagwera m'magulu 10. Pali kudziimira pawekha, kuganiza ndi kusankha zochita popanda wokulamula. Pali kukonda zatsopano, ndi kukonda chisangalalo. Pali kufuna kupambana kuti anthu aone kuti umatha, ndiponso kufuna mphamvu, kutanthauza chuma, udindo ndi kulamulira ena. Kenako pamabwera chitetezo, chomwe ndi kufuna bata, thanzi ndi kudziwa kuti mawa udzagona pati. Pamabwera kumvera, ndiko kudziletsa kuti usakhumudwitse anthu kapena kuswa zimene akuyembekezera kwa iwe, ndi mwambo, ndiko kusunga zimene makolo ndi chipembedzo anakusiyira. Magulu awiri omaliza ndi kukomera mtima anthu ako apafupi, ndi kufunira zabwino anthu onse, ngakhale osawadziwa, pamodzi ndi chilengedwe.

Munthu aliyense ali nazo zonsezi, kungoti china chimakula kuposa chinzake. Koma chimene ndikufuna muchigwire ndi mmene maguluwa anakhalira. Ali ngati anthu amene azungulira moto madzulo: aliyense ali ndi woyandikana naye kumanja ndi kumanzere, ndiponso wina amene wayang'anana naye kutsidya kwa moto. Oyandikana amayendera limodzi. Wokonda kupambana nthawi zambiri amakondanso mphamvu, ndipo wosunga mwambo amakhalanso womvera. Oyang'anana amakokana. Mphamvu yayang'anana ndi kufunira zabwino anthu onse. Kudziimira ndi kukonda zatsopano zayang'anana ndi chitetezo, kumvera ndi mwambo. N'chifukwa chake mnyamata amene akuganiza zosiya ntchito ya m'boma kuti akayambe geni yake amasowa tulo, pakuti zinthu ziwiri zimene akuzifuna zakhala mbali zosiyana.

Tsopano tikuikeni inu ndi akazi anu pamenepa. Zimene akazi anu akulirira ndi chitetezo. Zimene zikukuyendetsani inu ndi kukomera mtima abale, mwambo ndi kumvera. Mu ndondomeko ya Schwartz, chitetezo chayandikana ndi kumvera ndi mwambo, ndipo ziwirizi zayandikana ndi kukomera mtima anthu apafupi. Ndiye kuti simunakhale kutsidya ndi kutsidya ayi, mwakhala moyandikana kwambiri. Kudzikonda kumene mukuwaganizirako kumakhala ku mphamvu ndi kupambana. N'zoona kuti mphamvu yayandikana ndi chitetezo mbali inayo, ndipo n'chifukwa chake anthu amazisokoneza, poti wofuna mphamvu ndi wofuna chitetezo onse amagwira ndalama molimba. Kusiyana kwake kuli pa chimene ndalamayo akuisungira. Mayi amene akufuna ndalama kuti azioneka kuposa anzake ku zinkhoswe ndi ku maukwati ndi wina. Mayi amene akuwerengera matumba a simenti ndi malata kuti ana achoke pa lendi ndi winanso. Taonani mmene akazi anu amachitira mwana wa mlongo wanu akabwera pa holide. Amamugawira ndiwo mofanana ndi ana awo? Akadwala usiku, amadzuka? Ngati ndi choncho, mawu akuti alibe umunthu muwabweze, chifukwa amapweteka ndipo si oona.

Palinso chinthu china chimene amayi ambiri sachitchula pamaso pa amuna awo chifukwa chimamveka ngati kuwatemberera. Amaganiza za tsiku limene inu simudzakhalapo. Anaona ndi maso awo amayi ena atafedwa, achibale a mwamuna atabwera n'kutenga mipando, wailesi ndi mapepala a puloti, mayi n'kubwerera kwawo ndi ana ndi chikwama cha zovala. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi amene ankadalira malemuyo. Koma lamulo limateteza katundu amene alipo. Mayi wamasiye amene ali pa lendi alibe chimene lamulo lingamutetezere, mwezi ukatha landilodi afuna ndalama yake. Akazi anu akamayang'ana khoma loima pa mawindo likunyowa ndi mvula chaka ndi chaka, n'kutheka kuti zimene akuona ndi zimenezi.

Tibwere kwa inu. Katundu amene mwasenzayu simunadzisenzetse nokha. Kwanu ku Dowa, monga m'madera ambiri a Achewa, mwamuna ndi mwini mbumba. Alongo ake ndi ana awo amayang'ana kwa iye, malume, pa matenda, pa ukwati ndi pa mlandu. Kale katunduyu ankagawanika, chifukwa mwamuna akapita chikamwini ana ake anali ndi malume awo kuchikazi, iyenso n'kumayang'anira ana a alongo ake kwawo. Lero mwamuna wa m'tauni wasenza mbali zonse ziwiri. Lamulo ndi mpingo zikumuuza kuti ana obereka yekha ndi udindo wake, mwambo ukumuuza kuti mbumba ndi yake, ndipo malipiro ndi amodzi. Choncho ndikakufunsani mafunso otsatirawa sindikunyoza kupatsa kwanu. Ana amene mukuwalipirira fiziwo mwina akanakhala atasiya kale sukulu, ndipo chimenecho n'chachikulu.

Nkhani ndi yakuti chochita chimodzi chikhoza kuchokera pa mizu yosiyana. Anthu anayi akhoza kutumiza ndalama yofanana pa Mpamba kapena pa Airtel Money tsiku limodzi. Woyamba watumiza chifukwa mtima ukumuwawa akaganiza za mwana amene wakhala pakhomo anzake ali m'kalasi. Wachiwiri watumiza chifukwa ndi malume, ndipo malume amatero. Wachitatu watumiza chifukwa akuopa zimene anthu anene kumudzi, kuti wasochera m'tauni, kuti mkazi anamudyetsa, mwinanso akuopa nsanje ndi zimene amakhulupirira kuti nsanje ingamuchite. Wachinayi watumiza chifukwa zimamukomera dzina lake likamatchulidwa pamaliro powerenga chipepeso, anthu n'kutembenuka kumuyang'ana. Woyambayo ndi wachifundo, wachiwiri ndi wamwambo, wachitatu ndi womvera ndi wamantha, wachinayi akufuna ulemu ndi mphamvu. Kunja akuoneka ofanana, koma m'kati ndi osiyana, ndipo zotsatira zake n'zosiyananso. Wachifundo akatumiza amagona bwino. Wamantha akatumiza amakhala ndi kamkwiyo kamene sakudziwa kuti akaike pati, ndipo nthawi zambiri kamagwera mkazi wake ndi ana. Ambirife tili ndi mizu yonse inayi nthawi imodzi, ndipo sizochititsa manyazi. Chofunika n'kudziwa kuti ndalama iti ikuchokera pa muzu uti.

Dzifunseni mafunso awiri muli nokha. Loyamba: pakanakhala kuti palibe adziwe kuti ndalamayi yachokera kwa ine, ndikanatumizabe? Lachiwiri: pakanakhala kuti kumudzi sakudziwa tsiku limene ndimalandira, ndikanatumiza zingati? Ndikukhulupirira kuti feteleza wa amayi ndi fizi ya ana zipyola mafunso onse awiri. Koma mwina pali zina zimene sizipyola, monga mpamba wachitatu wa geni ya mphwanu imene inagwa kawiri, kapena bokosi la maliro lodula kuposa limene banja lingakwanitse.

Maso a anthu ali ndi mphamvu pa ndalama, ndipo izi zinayezedwa ku Malawi konkuno. Jessica Goldberg, katswiri wa za chuma, anachititsa mayere m'makalabu a alimi. Ena anapambana ndalama pamaso pa anzawo, ena anapambana mwachinsinsi. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2017, zinaonetsa kuti opambana poyera anaigwiritsa ntchito ndalamayo mofulumira kuposa opambana mwachinsinsi. Munthu amadziwa kuti ndalama yodziwika siikhalitsa m'thumba, ndiye amathamangira kugula chinthu opempha asanafike. Ku Cameroon, Jean-Marie Baland ndi anzake anapeza mu 2011 kuti m'mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, pafupifupi ngongole imodzi pa 5 zilizonse inatengedwa ndi munthu amene anali ndi ndalama zokwanira zimene anasunga m'bungwe lomwelo. Ankalolera kulipira chiwongoladzanja kuti abale akabwera kudzapempha awaonetse kuti ali pa ngongole. Anthu amenewa sanali oipa mtima. Anali anthu amene sankatha kunena kuti ayi pamaso pa mbale, ndiye anagula njira yokanira. Ndikutchula zimenezi kuti muone kuti kulemera kumene mukukumvaku si kwanu nokha, komanso kuti kupatsa kwina kumene timakutcha chifundo kumakhala kusowa pothawira.

Ndipo pali muzu wachisanu umene ukufanana ndendende ndi wa akazi anu. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. M'dziko limene anthu ambiri alibe inshuwalansi kapena penshoni, abale ndiwo amakugoneka kuchipatala, amakudikirira pa wodi, amakulandira ntchito ikatha, ndipo amakuika m'manda. Munthu amene akuthandiza kumudzi akudzisungiranso malo obwerera. Ndiye kuti nonse awiri mukusungira mawa: inu mukusunga mwa anthu, akazi anu akusunga mu njerwa. Makolo omwewo amene anati kupatsa n'kuika anatinso fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Mwambo wathu uli ndi mbali zonse ziwiri, ndipo palibe mmodzi wa inu amene wautaya.

Mwafunsa kuti zimatheka bwanji anthu a mpingo umodzi kusiyana. Mpingo umaphunzitsa kuti zonsezi n'zabwino, kulemekeza makolo, kusamala a m'banja lako, kuthandiza osauka. Ndondomeko yake munthu amaitenga kwina, makamaka pa mmene anakulira. Ronald Inglehart, amene anayambitsa kafukufuku wamkulu wa zimene anthu amaika patsogolo m'mayiko ambiri, analemba mu 1977 kuti munthu amakonda kwambiri chimene chinkasowa pamene ankakula, ndipo chimene chinakhazikika paubwana sichichoka msanga ngakhale zinthu zitasintha. Amene anali mwana pa njala ya 2002, n'kuona makolo ake akugulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wolira kuti agule gaga, ndalama amaiona mosiyana ndi amene nkhokwe ya kwawo sinaphwe. Koma njala yomweyo imatha kuphunzitsa ana awiri zinthu zosiyana. Wina amatulukamo atalumbira kuti sadzadaliranso munthu. Wina amatulukamo akukumbukira thumba la chimanga limene malume anatumiza kuchokera kutauni, n'kulumbira kuti naye adzatero. Mukudziwa kuti akazi anu anakula bwanji? Anasamukapo kangati ali mwana? Bambo awo atamwalira, ngati anamwalira, katundu anapita kuti? Mwinanso inu muli ndi munthu amene anakulipirirani fizi, ndipo mukamalipirira ana a mlongo wanu mukubweza ngongole ya mumtima imene akazi anu sanaimvepo. Kukula ndi kubereka nazo zimasuntha ndondomeko: kafukufuku amaonetsa kuti munthu akamakula, chitetezo ndi mwambo zimakwera, kukonda zatsopano kumatsika. Mtsikana amene munamukwatira alibe mwana ndi mayi wa ana atatu amene muli naye lero sangaone ndalama mofanana.

Ndikuchenjezeninso kuti musaweruze munthu ndi chochita chimodzi, chifukwa zimene munthu amakhulupirira sizimatuluka nthawi zonse m'zochita zake. Mu 1973, John Darley ndi Daniel Batson anafalitsa mmene anayesera ophunzira za ubusa pa sukulu ya ku Princeton, ku America. Aliyense anauzidwa kuti apite ku nyumba ina akalankhule, ndipo ena mwa iwo anapatsidwa mutu wa fanizo la Msamariya wachifundo. Panjira anaikapo munthu atakhala chogwa pakhomo, akutsokomola ndi kubuula. Mwa amene anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 pa 100 alionse anathandiza. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa kale, 10 okha pa 100 alionse ndiwo anathandiza. Mutu umene munthu ankapita kukalankhula sunasinthe zinthu kwenikweni. Anyamata amenewa sanasiye kukhulupirira chifundo pa mphindi zochepazo. Changu ndicho chinawatseka maso.

Taganizirani mmene zosankha za ndalama zimachitikira m'nyumba mwanu. Foni imalira usiku, mawu a mlongo wanu akunjenjemera, akuti ndalama ikufunika mawa m'mamawa. Inu muli pa changu, ndipo chimene chili pafupi ndi khutu lanu ndicho chimapambana. Akazi anu amamva ndalama itapita kale, kapena amaona uthenga pa foni yanu patapita masiku, ndipo amayankha ali okwiya. Inu mumaona mkwiyowo n'kunena kuti ndi kuumira. Iwo amaona kubisako n'kunena kuti simuwawerengera. Palibe mmodzi wa inu amene wakhala ndi mpata woonetsa mtima wake weniweni, chifukwa nkhaniyi simunaikambepo pa nthawi imene palibe wodwala, palibe maliro, palibe wobwezedwa kusukulu.

Kodi ndondomeko ya munthu imasintha? Imasintha, koma pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri si chifukwa chokalipiridwa. Rokeach yemwe uja anayesa zimenezi pa yunivesite ya Michigan State. Anaonetsa ophunzira kuti anzawo ambiri anaika ufulu pamwamba koma kufanana kwa anthu pansi, n'kuwasiya alingalire ngati zimenezi sizikutanthauza kuti akufuna ufulu wawo wokha osati wa ena. Patapita miyezi, amene anaonetsedwa zimenezi anayankha mochuluka kalata yowaitana kulowa bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda, kuposa anzawo amene sanaonetsedwe. Chinawasuntha chinali kuona okha kuti zimene amanena ndi zimene amachita sizikugwirizana. Choncho musataye nthawi kufuna kuwatembenuza akazi anu kuti akhale inu, ndipo iwonso sangakutembenuzeni. Chimene chingatheke n'chakuti aliyense adzione yekha.

Ndipo poti mwandifunsa, ndinene maganizo anga pa chimene chalakwika kwenikweni. Ndi kutumiza mobisa. Ndikumvetsa chifukwa chake, mukufuna mtendere m'nyumba ndi mtendere kumudzi. Koma kubisa kukugunda pa chinthu chimene akazi anu amachiika pamwamba. Munthu wofuna chitetezo amatha kupirira ndalama yochepa ngati akudziwa kuti ndi zingati. Chimene sangapirire ndi kusadziwa. Ndalama iliyonse imene atulukira kuti yapita mwamseri imawauza kuti sangakonze za mawa, ndiye amagwira molimba kuposa kale, inu n'kubisa kuposa kale. Mukasiya kubisa, mudzaona kuti gawo lalikulu la chimene mumachitcha kuumira chinali mantha.

Sankhani tsiku labata, ana atagona, malipiro asanalowe. Musayambe ndi ziwerengero. Yambani ndi kuwauza chimene mumaopa mukapanda kutumiza, ndipo muwafunse chimene iwo amaopa nyumba ikapanda kutha, kenako mukhale chete mumve. Zikatero tengani kope. Lembani malipiro onse, osachotsapo, ndipo mugwirizane gawo la abale limene lizituluka mwezi uliwonse, gawo la nyumba limene silikhudzidwa, ndi kandalama ka mwadzidzidzi ka matenda ndi maliro. Gawo la abale likhale la mbali zonse ziwiri, kwanu ndi kwawo, chifukwa akazi anunso ali ndi amayi awo. Gawo la nyumba musalisiye pa foni pamene chala chimafika msanga. Lisandutseni simenti, mafelemu kapena malata mwezi womwewo, kapena liikeni ku banki m'khonde kumene akazi anu amasonkha.

Posankha zothandiza, siyanitsani chithandizo chimene chili ndi mapeto ndi chimene chilibe. Fizi ili ndi mapeto. Mwana amene ali Fomu 3 watsala ndi zaka ziwiri kuti alembe MSCE, ndipo mukhoza kulemba m'kope mwezi umene ndalama imeneyo idzasamukire ku malata. Ine sindingakulangizeni kudula fizi ya mwana amene ali pakati pa sukulu, ndipo ndikukhulupirira kuti akazi anu akaona tsiku lothera atalembedwa, sadzafunanso kuti muidule. Feteleza naye ali ndi nyengo yake, amagulidwa kamodzi pa chaka ndipo akhoza kukonzekeredwa kuyambira nthawi yokolola. Zopempha zimene zimangobwera popanda mutu ndizo zimafuna malire. Ndipo pa maliro, inu ndinu woyamba kubadwa koma si inu nokha obadwa. Abale amene sali pa ntchito ali ndi chimanga, nkhuni, nkhuku ndi manja. Kuwasiyira gawo lawo n'kuwalemekezanso.

Malire amenewa mukawauze abale ndinu, ndi pakamwa panu, ngati maganizo anu. Musadzanene kuti "mayi akana" kapena "kunyumba kwavuta". Amuna ambiri amatero pofuna kudzipulumutsa, koma mawu amenewo amasandutsa mkazi mdani wa mudzi wonse, ndipo tsiku limene inu simudzakhalapo, adzatsala yekha pakati pa anthu amene amakhulupirira kuti ndiye ankawamana. M'malo mwake, nthawi zina ndalama ya feteleza akaipereke ndi iwo kwa apongozi awo. Onetsetsaninso kuti mapepala a puloti ali m'maina a nonse awiri, ndipo lembani wilu. Zinthu ziwirizi sizifuna ndalama zambiri, koma zimachotsa mantha aakulu amene ali pansi pa mkanganowu.

Zonsezi ndazinena potengera kalata yanu yokha, ndipo mbali ya akazi anu sindinaimve. Mukaulula zonse, n'kugwirizana magawo, n'kusunga pangano kwa miyezi ingapo, koma iwo n'kumakanabe chilichonse chopita kwanu pamene kwawo kukupita, pamenepo nkhani idzakhala ina, ndipo mudzafunika ankhoswe a mbali zonse ziwiri kapena mlangizi wa mabanja amene nonse mumamukhulupirira. Chimodzimodzinso ngati inu mudzapezeka kuti mwabwerera kutumiza mobisa pangano lilipo. Posankha wokuthandizani, pewani m'bale amene amalandira nawo ndalama zimene mukukanganiranazo.